Maphunziro a pa Intaneti Osatsekera Wina Kunja: Mafunso ndi Mayankho

Sukulu zonse m'Malawi muno zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, aphunzitsi ambiri a m'makoleji ndi m'sukulu zaukachenjede anayamba kutumiza maphunziro pa WhatsApp, pa Moodle ndi pa Google Classroom. Zipata zitatsegulidwanso, chizolowezicho chinatsala. Lero makosi ambiri ndi akasakaniza: mbali ina m'kalasi, mbali ina pafoni. Chimene sitinachikambirane mokwanira n'chakuti fayilo ikhoza kufika pafoni ya wophunzira aliyense, koma ena osatha kuiwerenga. Mafunso ali m'munsiwa ndi a mphunzitsi amene akufuna kukonza bwino kosi yake.

Ndaika zonse pa intaneti ndipo aliyense ali ndi linki. Kodi pamenepo sindinafikire onse?

Mwafikira onse amene maso, makutu, manja, foni ndi thumba lawo zikufanana ndi zanu. Otsalawo ndi ambiri kuposa mmene timaganizira. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu oposa 10 pa 100 aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina, ndipo vuto lofala kwambiri ndi la kuona. Kalembera yemweyo anawerenga anthu achialubino oposa 134,000, ndipo ambiri mwa iwo amavutika kuona zilembo zing'onozing'ono.

Tayang'anani mndandanda wa ophunzira anu. Muli wosaona amene amamvera zolembedwa kudzera mu pulogalamu yowerenga mokweza. Muli wosamva amene chinenero chake choyamba ndi chamanja. Muli wina amene manja ake amanjenjemera moti sangagwire mausi. Muli wina wanzeru zedi amene zilembo zimamusokonekera akamawerenga, ndipo mwina sanauzepo munthu. Mulinso mphunzitsi wa ku pulaimale amene akukweza maphunziro ake ali kumudzi kumene netiweki imagwira pachulu pokha, ndi mayi wa khanda amene mpata wowerenga amaupeza ana akagona. Kosi yofikirika ndi imene onsewa angailandire, kuimvetsa, kutengapo mbali ndi kulemba mayeso ake popanda kupempha chifundo sabata ndi sabata.

Bwanji osadikira kuti wophunzira waulumali abwere kaye, kenako n'kumukonzera zake zapadera?

Chifukwa thandizo lotere limafika mochedwa. Wosaona akadandaula sabata yachiwiri, nkhani imapita ku ofesi, wina amafunafuna bukulo, kulitayipanso kapena kulisandutsa zilembo za Braille, ndipo likamamufika anzake ali pamutu wachisanu, mayeso apakati ali pakhomo. Akalephera timaloza mutu wake, pomwe iye anaphunzira theka la nthawi imene anzake anapatsidwa. Komanso ambiri sabwera n'komwe kudzadandaula. Ena amaopa kusalidwa, ena anatopa kufotokoza za matupi awo kwa mphunzitsi aliyense watsopano.

Ronald Mace, katswiri wa zomangamanga wa ku America amene ankayenda pa njinga ya aulumali atadwala poliyo ali mwana, ankaphunzitsa kuti nyumba izimangidwa kuchokera pamaziko moti aliyense athe kulowa. Khomo lotsetsereka lomangira limodzi ndi nyumba silidula kwenikweni, ndipo limathandiza wa njinga, gogo wa ndodo ndi wokankha wilibala. Chodula ndi kugumula masitepe nyumba itatha. Bungwe la CAST la ku Massachusetts, lomwe linayamba mu 1984, linalowetsa ganizoli m'maphunziro pansi pa dzina loti Universal Design for Learning. Mutu wake ndi wakuti phunziro liperekedwe m'njira zingapo, wophunzira akhale ndi njira zingapo zoonetsera zimene wadziwa, ndipo pakhale zinthu zosiyanasiyana zomukopa kuti apitirize. Thandizo lapadera lidzafunikabe, monga womasulira chinenero chamanja kapena pepala la Braille, koma kosi ikakonzedwa bwino poyamba, zapaderazo zimachepa ndipo zimafika pa nthawi.

Kodi cholakwika chofala kwambiri kwathu kuno n'chiti?

Chithunzi cha tsamba. Mphunzitsi amatenga buku kapena notsi zake zolemba pamanja, kujambula ndi foni tsamba ndi tsamba, n'kuponya pagulu la WhatsApp. Wina amapita pamakina osikana n'kutulutsa PDF ya masamba makumi anayi. Kwa iye ntchito yatha. Koma kwa kompyuta, mufayilo imeneyo mulibe chilembo ngakhale chimodzi, muli zithunzi zokhazokha.

Kuti tione kukula kwa vutoli, tidziwe mmene wosaona amawerengera. Pakompyuta amagwiritsa ntchito pulogalamu monga JAWS, yomwe ndi yogula ndipo ndi yodula, kapena NVDA, yaulere, yomwe inayambitsidwa mu 2006 ndi Michael Curran wa ku Australia, n'kumaikulitsa pamodzi ndi mnzake James Teh, onse awiri osaona. Pafoni ya Android pali TalkBack, pa iPhone pali VoiceOver. Mapulogalamuwa amatenga zilembo zimene zili pasikirini n'kuzitchula mokweza. Zikakhala zilembo zenizeni, wozolowera amamvetsera pa liwiro loti woona sangatsatire. Chikakhala chithunzi, pulogalamu imangoti pali chithunzi, kapena imakhala chete. Alipo mapulogalamu oyesa kuzindikira zilembo za m'chithunzi, koma tsamba likakhala lopendekeka, lamthunzi, kapena lolemba pamanja, zimene amatulutsa sizimveka mutu wake.

Ndipo wovutika si wosaona yekha. Wachialubino akakulitsa chithunzicho zilembo zimachita chimbuuzi, ndipo amayenera kukankhira tsamba kumanja ndi kumanzere pamzere uliwonse. Wa bandulo yochepa amalipira zambiri, poti masamba ochepa ojambula amalemera kuposa buku lonse lotayipa. Ngakhale woona bwino sangafufuzemo liwu limene akulifuna.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Tsegulani fayilo yanu, yesani kusankha liwu limodzi n'kulikopera. Likakana, fayiloyo ndi chithunzi. Ine ndimaona kuti koleji imene ingangothetsa chizolowezi chimodzi chimenechi ikhoza kuthandiza ophunzira ambiri kuposa imene yagula makompyuta atsopano koma notsi zake zikadali zojambula.

Nanga fayilo yotayipa bwino imaoneka bwanji?

Mitu yake imakhala mitu yeniyeni. Mu Word kapena mu Google Docs muli poika Heading 1, Heading 2 ndi ena otero. Ambirife timangokulitsa zilembo ndi kuzidetsa, zomwe zimathandiza maso okha. Mutu ukaikidwa moyenera, wosaona amadumpha kuchoka pamutu wina kupita pa wina ndi batani limodzi, monga woona amachitira poponya maso patsamba. Popanda zimenezi amayenera kumvetsera masamba onse kuchokera poyamba kuti apeze ndime imodzi.

Zina n'zazing'ono koma zimapweteka zikasowa. Linki inene kumene ikupita, monga "Asainimenti yachiwiri", osati "dinani apa". Fayilo ikhale ndi dzina lomveka, lokhala ndi sabata ndi mutu wake. Tebulo likhale losavuta, lopanda mabokosi ophatikiza. Tumizani fayilo ya Word pambali pa PDF, kuti wofuna zilembo zazikulu akulitse yekha. Mu Word momwemo muli chida chotchedwa Check Accessibility chomwe chimaloza zolakwika zambiri mwa izi musanatumize.

Zithunzi, mapu ndi magirafu ndizichotse?

Ayi, zimathandiza ambiri, makamaka osamva ndi ovutika kuwerenga. Chofunika ndi kuziperekeza ndi mawu. Chithunzi chilichonse chili ndi malo olembapo kufotokoza kwachidule, otchedwa alt text, komwe pulogalamu yowerenga imatchula. Musalembe kuti "girafu". Lembani chimene mukufuna wophunzira aone, monga "girafu yosonyeza mtengo wa chimanga ukutsika nthawi yokolola n'kukwera miyezi ya njala". Chithunzi chikakhala chovuta, monga cha mtima wa munthu m'kosi ya anamwino, chifotokozeni mokwanira m'ndime ya pansi pake.

Samalaninso mitundu. Pali anthu, makamaka amuna, amene sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira, choncho "mafunso ofiira ndi okakamiza" si malangizo okwanira. Lembani liwu loti "lokakamiza" pambali pake. Zilembo zachikasu kapena zotuwa pa tsamba loyera zimasowa, makamaka pafoni ya galasi losweka, padzuwa. Malangizo a dziko lonse lapansi pankhaniyi, otchedwa WCAG, omwe bungwe la W3C linawatulutsa koyamba mu 1999 n'kumawakonzanso pambuyo pake, amati kusiyana kwa kuwala pakati pa zilembo wamba ndi tsamba kusachepere 4.5 kwa 1. Zakuda pa zoyera zimapitirira muyezo umenewu kutali.

Pali chizolowezi china cha pakamwa. Tikamaphunzitsa timakonda kuti "mukatenga ichi n'kuika apa, mupeza icho". Womvetsera ndi makutu okha sapezapo kanthu. Tchulani chinthucho ndi dzina lake, werengani masamuwo mokweza pamene mukulemba.

Ine ndimakonda kutumiza mawu ojambula pa WhatsApp. Ophunzira amayamikira. Vuto lili pati?

Mawu ojambula ndi abwino kwa wosaona, kwa wovutika kuwerenga ndi kwa mayi amene akumvetsera uku akuphika. Kwa wosamva ndi khomo lotseka. Tsiku limene mwalengeza kusintha kwa tsiku la mayeso ndi mawu okha, iye ndi amene adzabwere tsiku lolakwika. Musasiye kujambula, koma uthenga uliwonse wofunika ukhalenso wolembedwa. Njira yachidule ndi kulemba kaye zimene mukufuna kunena, kuziwerenga pojambula, n'kutumiza zonse ziwiri.

Vidiyo imafuna mawu olembedwa pansi. YouTube ndi Zoom zimatha kulemba zokha, koma zimaphonya kwambiri katchulidwe kathu ka Chingerezi, mayina a kwathu ndi mawu a ukatswiri, ndipo mphunzitsi akalowa m'Chichewa pakati pa chiganizo zimasocheratu. Zitengeni ngati poyambira, inu mukonze ndi dzanja.

Koma tisaganize kuti kulemba kwathetsa zonse. Chinenero chamanja cha ku Malawi ndi chinenero pachokha, chili ndi kayalidwe kake ka ziganizo. Mwana amene anakulira kusukulu ya osamva ya Mua ku Dedza, ya Embangweni ku Mzimba kapena ya Maryview ku Chiradzulu anaphunzira Chingerezi cholemba asanachimvepo ndi khutu. Ndime zazitali zopota zimamulemera. Pa phunziro lapompopompo amafunika womasulira, ndipo womasulirayo apatsidwe notsi tsiku lisanafike kuti akonzekere mawu achilendo, aoneke bwino pasikirini, kuwala kukhale kumaso kwake. Anthu aziyankhula mmodzimmodzi. Wosamva sangayang'ane womasulira ndi kulemba notsi nthawi imodzi, choncho notsizo mumpatse. Bungwe la osamva la MANAD ndi limene lingakulozereni omasulira odziwa ntchito.

Kodi nkhani ya bandulo ndi magetsi ikugwirizana bwanji ndi zimenezi?

Kwathu kuno ndi nkhani imodzi. Pa kalembera wa 2018, nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 ndi zimene zinkaunikira magetsi. Ola limodzi la phunziro lapavidiyo likhoza kudya theka la gigabayiti kapena kuposa. Kosi imene mtima wake uli pa kukumana pa Zoom Lachiwiri lililonse 10 koloko m'mawa yasankha kale ophunzira ake: a m'tauni, a ndalama, osagwira ntchito masana. Ndipo wophunzira waulumali nthawi zambiri ndi yemweyo amene thumba lake n'lopyapyala, poti amalipiranso womuperekeza ndi zoyendera.

Choncho mtima wa kosi ukhale pa zinthu zopepuka zimene munthu angakopere kamodzi n'kumawerenga popanda netiweki: zolembedwa poyamba, mawu ojambula pambuyo pake, vidiyo pokhapokha pamene chinthu chiyenera kuonedwa chikuchitika, ndipo ikhale ya mphindi zochepa. Kukumana kwapompopompo kukhale kwa mafunso ndi kukambirana, kujambulidwe, ndipo chidule chake chilembedwe. Pulogalamu ya pafoni ya Moodle imalola kukopera zinthu n'kudzaziwerenga netiweki palibe. Amene anayambitsa Moodle, Martin Dougiamas, anakulira kuchipululu cha kumadzulo kwa Australia, komwe anaphunzira pulaimale kudzera pawayilesi, sukulu ili kutali zedi.

Ifenso si alendo pa maphunziro akutali. Malawi Correspondence College, yomwe lero ndi Malawi College of Distance Education, inayamba mu 1965 kutumiza maphunziro osindikiza, wayilesi n'kumathandizira. Njira zakalezi zisatayidwe. Tingokumbukira kuti wayilesi imasiya wosamva ndipo pepala limasiya wosaona, choncho phunziro lililonse lofunika lidzere njira ziwiri.

M'kosi yakasakaniza, masiku okumana maso ndi maso ndiwagwiritse ntchito bwanji?

Ophunzira akutali a ku Mzuzu University, ku LUANAR kapena ku Domasi amabwera pasukulu kwa masabata ochepa n'kubwerera kwawo. Ayenda ulendo wautali, ena asiya ntchito ndi ana. Kuwakhazika pansi n'kumawalembetsa notsi zimene akanawerenga kunyumba n'kuwalanda. Masiku amenewo ndi a zimene foni singathe: za mulabu, za kumunda, kukangana pamfundo, kudziwana ndi anzawo amene adzadalirane nawo miyezi ikubwerayo. Tsiku loyamba aliyense alowe pa Moodle inu mukuona, atumize fayilo yoyeserera, ndipo akopere zinthu zonse za kosi pa memore khadi kapena pafulashi asanachoke.

Chipinda chikhale chapansi ngati kulibe njira yokwerera njinga, ndipo wina akaone chimbudzi ngati njinga ingalowemo. Wachialubino akhale kutsogolo, kutali ndi kuwala kwa pazenera, ndipo ntchito yapanja isaikidwe dzuwa lili paliwombo. Amene walephera kubwera chifukwa cha matenda kapena mlatho wokokoloka apeze chidule cha tsikulo pa intaneti.

Kupereka njira zosiyanasiyana zolembera mayeso, kodi sikupeputsa maphunziro?

Funso ili ndi lolemera, ndipo aphunzitsi amene amalifunsa ali ndi chifukwa chomveka. Satifiketi iyenera kutanthauza chinthu chimodzi kwa onse. Yankho lake lili pa kusiyanitsa chimene mukuyesa ndi njira imene mukuyesera. Ngati cholinga ndi kuona kuti wophunzira akumvetsa mmene kudula mitengo kumakokolera nthaka, akhoza kuonetsa polemba, pojambula mawu ake, kapena pavidiyo m'chinenero chamanja, ndipo muyezo wochongera ukhala womwewo. Ngati cholinga ndi luso lolemba chimangirizo cha Chingerezi, aliyense alembe, koma wina alembe ndi cholembera, wina pakompyuta yoyankhula, wina mu Braille. Namwino ayenera kudziwa kubaya jakisoni ndi manja ake. Pamenepo palibe njira ina, ndipo zinenedwe poyera kosi isanayambe.

Nthawi ndi imene imatipusitsa kwambiri. Mayeso a pa intaneti a mphindi khumi ndi zisanu, otseka okha, amayesa liwiro la netiweki ndi la zala kuposa nzeru. Womvetsera funso la mayankho anayi ayenera kumva onse, kuwasunga m'mutu, mwina kubwerezanso. Nthawi yowonjezera kwa iye ikungomufikitsa pamzere umene anzake anayambira. Tsegulani mayeso kwa tsiku lathunthu kapena masiku awiri, lolani munthu kupitiriza netiweki ikabwerera, ndipo funsani mafunso ofuna kuganiza, okhudza dera la wophunzirayo, amene kukopera kwa mnzake sikungathandize. Kukakamiza kamera kukhala yoyaka nthawi yonse kumadya bandulo, ndipo kumaulula m'nyumba mwa munthu amene sanafune kuonetsa umphawi wake.

Nanga chinenero?

Kwa ophunzira ambiri Chingerezi ndi chinenero chachiwiri kapena chachitatu. M'kalasi munthu amaona nkhope zasokonezeka n'kubwereza m'Chichewa kapena m'Chitumbuka. Pa intaneti nkhopezo simuziona. Malangizo a asainimenti akhale a ziganizo zazifupi: chochita, kutalika kwake, tsiku lomaliza, potumizira. Mawu a ukatswiri asachotsedwe, koma afotokozedwe pamene akuyamba kuoneka. Sabata iliyonse iyalidwe mofanana ndi inzake kuti munthu asataye mphamvu posaka zinthu. Zitsanzo zichokere ku Ntcheu ndi ku Karonga, kwa amayi ndi abambo, ndipo munthu waulumali azionekamo ngati mlimi, mphunzitsi kapena wamalonda, osati wolandira thandizo nthawi zonse.

Kodi lamulo likutipo chiyani? Ndikhoza kusandutsa buku la eni ake kuti wosaona awerenge?

Dziko la Malawi linavomereza mu 2009 pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, lomwe ndime yake ya 24 ikunena za maphunziro ophatikiza onse pa misinkhu yonse. Lamulo la zaulumali la 2012, lomwe linalowedwa m'malo ndi lina mu 2024, linaletsa kusala munthu pa maphunziro chifukwa cha ulumali. Choncho zimene tikukambazi ndi ufulu wa wophunzira, ndipo iye sayenera kuthokoza ngati wapatsidwa mphatso.

Pa mabuku pali pangano la ku Marrakesh la 2013, lomwe Malawi analowamo mu 2017. Cholinga chake ndi chakuti mabungwe ovomerezeka athe kusandutsa mabuku kukhala a Braille, a zilembo zazikulu, a mawu kapena a pakompyuta, kuti athandize osaona ndi ena ovutika kuwerenga zosindikiza, popanda kudikira chilolezo cha wosindikiza. Silipereka ufulu womwaza bukulo kwa kalasi yonse. Dzerani ku laibulale ya sukulu yanu, ndipo posankha mabuku a kosi yambani mwafunsa ngati alipo a pakompyuta owerengeka.

Ndili ndekha, ophunzira mazana atatu, nthawi palibe. Ndiyambire pati?

Musayese kukonza zaka khumi za notsi mwezi umodzi. Yambani ndi zimene aliyense ayenera kuzigwira: ndondomeko ya kosi, malangizo a asainimenti, zolengeza, ndi notsi za masabata awiri oyamba. Chatsopano chilichonse chikhale chotayipa, cha mitu yeniyeni. Zakale muzikonza pamene mukuzigwiritsa ntchito.

Kenako yesani nokha. Ikani mausi pambali, muyende patsamba la kosi yanu ndi batani la Tab ndi la Enter basi. Yatsani TalkBack pafoni, mumvetsere mmene notsi zanu zikumvekera. Tsitsani voliyumu, muonere vidiyo yanu. Tsegulani tsambalo pafoni yotchipa, pa bandulo, osati pa intaneti ya ku ofesi.

Kosi isanayambe tumizani mafunso ochepa kwa onse, oyankha mwachinsinsi: mukugwiritsa ntchito chipangizo chanji, netiweki mumaipeza nthawi yanji, pali chimene chingakuthandizeni kuphunzira bwino? Musafunse dzina la matenda, ndipo musatchule munthu pagulu. Wophunzira wosaona kapena wosamva ndi amene akudziwa bwino pamene kosi yanu ikutsekereza. Mufunseni, ndipo ngati sukulu ikumupatsa ntchito yoyesa makosi ena, imulipire. Aphunzitsi ophunzitsidwa ku Montfort ku Nguludi, a Malawi Union of the Blind, a bungwe la anthu achialubino la APAM ndi a mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali wa FEDOMA ali ndi luso limene makoleji ambiri sanaligwiritsebe ntchito. Zina, monga kulipira womasulira, kugula makina osindikiza Braille ndi kukambirana ndi makampani a mafoni za mtengo wa bandulo ya ophunzira, si za mphunzitsi mmodzi. Zilembeni, muzipereke kwa akuluakulu a dipatimenti bajeti ya chaka chamawa isanatsekedwe.